Kodi Munthu Wophunzira Angathere Moyo Wake pa Mbalame Zinayi?

Usiku wina chaka chatha magetsi atathima, tidakhala pakhonde la hositelo anyamata asanu ndi mmodzi n'kumakambirana za ntchito zomwe tidzagwire tikadzamaliza maphunziro. Wina adati iye ndi wa kubanki basi. Wina adati bungwe lililonse lomwe limapereka galimoto, ndipo wachitatu adati bola m'boma poti kumakhala penshoni. Mwayi woyankhula utafika kwa mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, yemwe akuphunzira sayansi ya zamoyo, iye adanena mopanda manyazi kuti akufuna kudzagwira ntchito yopulumutsa mbalame za pa zilumba. Tidafa nako kuseka. Mmodzi wa ife adamufunsa kuti, "Achimwene, zoona makolo anu agulitse fodya ndi mbuzi kuti inu muzikawerenga mpheta pakati pa nyanja?" Ine ndidaseka kuposa onse, pakuti ndidakulira kumudzi komwe mbalame ndi ndiwo, ndipo mwa anyamata a msinkhu wanga padalibe wondiposa pa legeni ndi ulimbo.

Lero ndatenga cholembera kuti ndibweze kuseka kuja. Chomwe chidanditembenuza mtima si ulaliki wa mnzangayo ayi, koma phunziro lathu la imfa ya ziyankhulo. Ndikufufuza za anthu omaliza kuyankhula ziyankhulo zawo, ndidakumana ndi mawu ojambulidwa mu 1987 pa chilumba cha Kauaʻi ku Hawaii. Mawuwo si a munthu, koma a mbalame yaimuna yotchedwa ʻōʻō, yomaliza ya mtundu wake. Mbalamezi zinkaimba molandizana, yaimuna kuyambitsa, yaikazi kuvomera, monga zimakhalira pamtondo. M'mawu ojambulidwawo yaimuna ikuimba mbali yake n'kusiya mpata, koma wovomera palibe. Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kuwerenga za anthu amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti zoterezi zisachitikenso. Maganizo anga tsopano ndi awa: ntchito imeneyi ndi ya luso lozama, imafuna moyo wonse wa munthu osati kontirakiti ya zaka ziwiri, ndipo ife ophunzira timalakwitsa tikamayeza kulemera kwa ntchito poyang'ana tayi ndi mpando wandalema.

Tiyambe ndi funso loti, n'chifukwa chiyani zilumba? Mbalame za pa zilumba zakutali zidakhala zaka zikwizikwi osadziwa khoswe, mphaka, galu kapena nkhumba. Popeza padalibe choziopsa pansi, zina zidaleka kuuluka, zina zidazolowera kuikira pansi kapena m'mauna, ndipo zambiri zimaikira dzira limodzi kapena awiri basi. Kuthawa sizikudziwa. Tsono zombo zitayamba kukocheza, makoswe adatsikira pa zingwe, amalinyero adasiya mbuzi ndi nkhumba, atsamunda adagwetsa nkhalango n'kubzala nzimbe ndi kokonati. Pumbwa wathu wa kuno ukamugwetsera mtengo amasamukira kumudzi wina, pomwe mbalame ya pa chilumba ilibe kolowera, mbali zonse ndi madzi. N'chifukwa chake mwa mitundu ya mbalame yomwe yatheratu padziko kuchokera m'zaka za m'ma 1500, pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse idali ya pa zilumba. Dodo wa ku Mauritius ndiye chitsanzo chomwe aliyense amachidziwa: Adatchi adafika pachilumbapo mu 1598, ndipo umboni womaliza womwe ambiri amaukhulupirira woti wina adamuona ali moyo ndi wa mu 1662.

Ku Mauritius komweko ndi kumene kudachitikira nkhani ya mbalame zinayi. Pachilumbapo pali kabawi wamng'ono amene sapezeka kwina kulikonse, yemwe amadya makamaka abuluzi a m'mitengo. Nkhalango zitatha, ndiponso mankhwala a DDT atapoperedwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 pofuna kuthana ndi udzudzu wa malungo, akabawiwa adayamba kulephera kuswana. Apusi, makoswe ndi amphaka obwera ndi anthu adamalizitsa zotsalazo. Pofika mu 1974 mbalame zodziwika kuti zili moyo kutchire zidali zinayi zokha. Katswiri wina wotchuka, Norman Myers, adalemba mu 1979 kuti kudali kwanzeru kuisiya mbalameyi kuti ithe, ndalama zake zikagwire ntchito pomwe pali chiyembekezo. Chaka chomwecho mnyamata wa zaka 24 wochokera ku Wales, dzina lake Carl Jones, adatumizidwa ku Mauritius atauzidwa kuti akagwireko chaka chimodzi kapena ziwiri kenaka atseke ntchitoyo mwaulemu. Amangondiposa ndi zaka ziwiri pa msinkhu umene ndili nawo lero.

Jones sadatseke. Ali mwana ankaweta akabawi kuseri kwa nyumba ya makolo ake, choncho ankadziwa chomwe mayi aliyense woweta nkhuku kumudzi amachidziwa, chakuti ukachotsa mazira thadzi limaikiranso ena. Iye ndi anzake ankakwera maphompho, kutenga mazira oyamba, kukawaswetsa m'makina, n'kusiya makolo aja kuti aikire kachiwiri. Ana ankawadyetsa pamanja mpaka atamera nthenga, kenaka n'kumawamasula pang'onopang'ono uku akuwaponyerabe mbewa mpaka atadziwa kusaka okha. Adakhoma mabokosi oikiramo amene pusi sangalowetsemo dzanja, natchera misampha kuzungulira chisa chilichonse. Mothandizidwa ndi bungwe la Gerald Durrell la ku Jersey, ndiponso la Mauritian Wildlife Foundation lomwe lidakhazikitsidwa mu 1984, adamasula akabawi oposa 300 m'zaka pafupifupi khumi. Luso lomwelo adaligwiritsa ntchito pa njiwa yofiirira ya pachilumbapo, yomwe idatsala pafupifupi 10 kutchire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi pa chinkhwe wobiriwira yemwe adatsala osakwana 20 m'zaka za m'ma 1980. Mitundu yonse itatuyi idachuluka kufika mazana. Mu 2016 Jones adalandira mphotho ya Indianapolis Prize, ndipo mu Malichi 2022 kabawi uja, amene akatswiri adali atamulembera kale chiphaso cha imfa, adasankhidwa kukhala mbalame ya fuko la Mauritius.

Wina atha kunena kuti kumeneku ndi kuweta nkhuku chabe, si sayansi yoti munthu n'kuithera zaka zinayi pa yunivesite. Ngakhale m'nthawi ya Jones adalipo akatswiri omwe ankati chofunika n'kuteteza nkhalango n'kuzisiya mbalame zidzionere zokha. Nkhani ya Don Merton wa ku New Zealand ikuyankha bwino ganizo limeneli. Mu 1964, Merton ali ndi zaka 25, makoswe a m'zombo adasefukira pa chilumba cha Big South Cape, chomwe Amaori amachitcha Taukihepa. Akuluakulu ena a zasayansi adati palibe chodetsa nkhawa, chilengedwe chidzikonza chokha. Merton ndi mkulu wake Brian Bell sadamvere. Adagwira mbalame 36 za mtundu wa tīeke n'kuzisamutsira pa tizilumba topanda makoswe, ndipo zonse za mtundu umenewu zomwe zilipo lero ndi zidzukulu za 36 zimenezo. Mitundu ina iwiri ya mbalame ndi mtundu umodzi wa mleme, zomwe zidalephereka kupulumutsa, zidatheratu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mnyamata wa kutchire adaona zomwe a m'maofesi sadazione, chifukwa iye ndiye ankagona pomwe makoswewo ankadyera.

Ntchito ya Merton yodziwika kwambiri idachitikira ku zilumba za Chatham, pa kambalame kakuda kotchedwa black robin. Mu 1976 adapeza kuti tatsala tisanu ndi tiwiri pa kachilumba ka maphompho ka Little Mangere, ndipo adatitsitsa pa maphomphowo n'kutiwolotsera pa chilumba cha Mangere. Pofika mu 1980 tidatsala tisanu, ndipo kaakazi kobereka kadali kamodzi kokha, komwe adakatcha Old Blue potengera mtundu wa mphete ya pamwendo pake. Merton adayamba kutenga mazira a kambalameka n'kukawaika m'zisa za mbalame za mtundu wina kuti ziwafungatire. Mtundu woyamba umene adayesa udaswa mazirawo koma udalephera kulera anawo. Wachiwiri udalera bwino, koma ana ena adakula akudziyesa a mtundu wa owalerawo, osafuna kukwatirana ndi abale awo enieni. Choncho adaphunzira kuwabwezera m'zisa za mtundu wawo asadayambe kuuluka, kuti adziwe nyimbo ya kwawo. Kodi ameneyu tingamunene kuti akungoweta nkhuku? Ayenera kudziwa tsiku lomwe dzira laikiridwa, kutentha komwe likufuna pamene akuliwolotsa pa bwato, ndi msinkhu umene mwana wa mbalame amayamba kuzindikira kuti iye ndani. Lero timbalameti tilipo mazana angapo, tonse zidzukulu za Old Blue.

Chomwe chidandikhutiritsa kwambiri kuti iyi ndi sayansi ndi cholakwa chomwe gulu la Merton lidachita. Timbalame tina tatikazi tinkaikira dzira m'mphepete mwa chisa m'malo mwa pakati, ndipo dzira lotero silifungatiridwa. Ogwira ntchito, pomvera chisoni dzira lililonse, ankalikankhira pakati. Mazirawo adaswa, ndipo ana ake adatengera khalidwe lomwelo, mpaka pofika mu 1989 toposa theka la tatikazi tinkaikira m'mphepete. Thandizo lidatsala pang'ono kusandutsa mtundu wonse kukhala wosatha kuswana popanda chala cha munthu. Atasiya kukankhira mazirawo, khalidwe lija lidayamba kuchepa. Izi zidadziwika bwino chifukwa ankalemba chisa chilichonse, dzira lililonse ndi kholo lililonse m'mabuku, chaka ndi chaka, kotero kuti ofufuza a m'mbuyo mwawo adatha kulondola mzere wonse. Munthu wachifundo chokha sakadaona cholakwacho. Pamafunika chifundo ndi kaundula.

Mfundo yanga yachiwiri ndi ya nthawi. Ku Bermuda kuli mbalame ya panyanja yotchedwa cahow, dzina lotengera kulira kwake. Anthu adakhulupirira kwa zaka zoposa 300 kuti idatheratu m'zaka za m'ma 1620, atsamunda anjala ataidya ndipo nkhumba ndi makoswe zitafafaniza mauna ake. Mu Januwale 1951 akatswiri awiri, Robert Cushman Murphy ndi Louis Mowbray, adaipezanso pa timiyala ta m'nyanja, ali ndi mnyamata wasukulu wa zaka 15, David Wingate. Mabanja a mbalameyi adapezeka kuti alipo 18 okha. Wingate adapita kukaphunzira ku yunivesite ya Cornell ku America, n'kubwerera kwawo kudzathera moyo wake pa mbalame imeneyi. Adapanga zitseko zamatabwa za bowo loyezedwa bwino lomwe, loti cahow alowe koma mbalame ina yokulirapo yomwe inkapha ana ake ikanike. Adaumba mauna a simenti. Adasamukira pa chilumba chouma cha Nonsuch n'kubzalapo mitengo yachilengedwe zikwizikwi, kukonzera mudzi mbalame zomwe padalibe chitsimikizo choti zidzabwera.

Cahow amaikira dzira limodzi pa chaka, ndipo mwana wake amatha zaka zingapo ali panyanja asadabwerere kudzaswana. Ndi mbalame yotere palibe njira yachidule. Wingate adapuma pantchito mu 2000 mbalamezo zisadakhazikike pa Nonsuch. Wolowa m'malo mwake, Jeremy Madeiros, ndiye adayamba kusamutsirapo ana mu 2004, mphepo yamkuntho ya Fabian itagumula mauna ambiri pa timiyala tija mu 2003. Mwana woyamba adaswedwa pa Nonsuch mu 2009, patatha zaka 58 chipezekereni mbalameyi. Taganizani zaka 58! Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono ndimadzifunsa kuti, kukadakhala kuti Wingate adalembedwa pa pulojekiti ya zaka zitatu, yofuna lipoti la zotsatira miyezi itatu iliyonse, akadalembamo chiyani? Apa ndi pomwe ndikuona kuti vuto lalikulu la ntchitoyi lero si makoswe okha, koma kaperekedwe ka ndalama. Opereka thandizo amakonda chinthu chomwe chiyambe ndi kutha iwo akadali pampando, pomwe mbalame zimayendera kalendala yawo. Kabawi wa ku Mauritius uja, anthu atayamba kuona ngati nkhondo yatha, chiwerengero chake chidatsikanso, ndipo mu 2014 adabwezeredwa pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pangozi yaikulu.

Ndisanamize anzanga kuti aliyense wolowa ntchitoyi amatuluka ndi mendulo. Mu 1894 boma la New Zealand lidatuma Richard Henry kukasamalira chilumba cha Resolution. Kwa zaka zingapo adapalasa bwato m'nyanja yozizira ndi yolusa, kusamutsira pachilumbapo mazana a mbalame za kiwi ndi kākāpō, chinkhwe wamkulu wosauluka amene dzina lake m'Chimaori limatanthauza chinkhwe wa usiku. Mu 1900 adaona pachilumbapo kanyama konga likongwe, komwe azungu adabwera nako kuti kaphe akalulu, katasambira kuchokera kumtunda. Thukuta lake lonse lidapita pachabe, ndipo adachokako ali wosweka mtima. Ku Hawaii, ophunzira a pa yunivesite ngati ife adatulukira mu 1973 mbalame yatsopano m'nkhalango za pa chilumba cha Maui. Pofika mu 1997 zidatsala zitatu, iliyonse kudera lake. Akatswiri adayesa kuzikumanitsa koma zidakanika, ndipo yomwe adaigwira idafera m'manja mwawo mu Novembala 2004. Alipo anthu amene ntchito ya unyamata wawo wonse idathera pa tsiku limenelo. Komabe njira ya Henry yosamutsira mbalame pa zilumba ndi yomweyo imene idadzapulumutsa kākāpō patapita zaka zambiri. Mu 1995 adatsala 51, ndipo mu 2019 adapitirira 200. Wolephera uja adali atasiya nzeru yoti ena adzatolepo.

Tsopano ndifike pa zotsutsa zomwe ine mwini ndidali nazo. Choyamba ndi cha njala. Munthu wokulira m'dziko lomwe chipatala chimasowa mankhwala ali ndi ufulu wofunsa ngati n'chilungamo kuthira ndalama pa kambalame. Yankho limodzi ndi loti mbalame zimadyetsanso anthu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 wa ku zilumba za Chagos adaonetsa kuti pomwe palibe makoswe mbalame za panyanja zimachuluka, zitosi zake zimakokolokera m'madzi ngati manyowa, ndipo nsomba za m'mphepete mwake zimakula msanga ndi kuchuluka kuposa za pa zilumba za makoswe. Ku Seychelles, chilumba cha Cousin chidali munda wa kokonati pamene chidagulidwa mu 1968 pofuna kupulumutsa kambalame komwe kadatsala kosakwana 30. Timbalameto tidachuluka kufika zikwi, ndipo chilumbacho chidasanduka malo okopa alendo omwe ndalama zawo zimalipira eni dziko ochiyang'anira. Koma ndinene mosapsatira kuti si mbalame iliyonse yomwe idzabweza ndalama. Black robin sadyetsa munthu aliyense. Chifukwa chenicheni ndi chakuti msewu ukalephereka chaka chino utha kumangidwa chaka chamawa, pomwe mtundu wa chamoyo ukatha watha. Madzi akatayika saoleka. Komanso amene adagwetsa nkhalangozo ndi kubweretsa makoswewo ndi anthu, ndiye ngongoleyo ndi ya anthu.

Chotsutsa chachiwiri ndi chakuti ntchito yotchedwa yopulumutsa imeneyi yadzaza ndi kupha. N'zoona. Gawo lalikulu la tsiku la katswiri wa mbalame za pa zilumba limathera pa misampha ndi poizoni. Pa chilumba cha Marion cha dziko la South Africa adabweretsapo amphaka asanu mu 1949 kuti azipha mbewa pa siteshoni ya zanyengo. Pofika mu 1977 amphakawo adali oposa 3,000, akudya mbalame mazanamazana a zikwi pa chaka, ndipo padatenga mpaka 1991 kuti athe onse. Mphaka sadalakwe kanthu, adangochita za umphaka wake. Ine sindikuona kuti munthu ayenera kukondwera ndi ntchito yotere, ndipo amene akuikonda ndingamukayikire. Koma kusachita kanthu nakonso ndi kusankha, pakuti ndiye kuti wasankha kuti mwana wa mbalame adyedwe ali moyo m'chisa chaka chilichonse mpaka mtundu utha. Mphaka ndi khoswe ali ponseponse padziko, pomwe mbalame zimenezi kwawo ndi kumodzi. Ngakhale kuphako sikutsimikizika. Pa chilumba cha Gough adathira poizoni wa mbewa ndi ndege mu 2021 atakonzekera zaka zambiri, koma chaka chisadathe kamera idajambula mbewa yamoyo.

Chotsutsa chachitatu ndiye chomwe chimandiluma kwambiri, ndipo sindichikana. Mukawerenga mbiri ya ntchitoyi, mayina otchuka ambiri ndi a azungu. Amene ankanyamula katundu, kupalasa mabwato, kulondola njira ndi kuyendera misampha m'mamawa satchulidwa kawirikawiri. Khomo lolowera ntchitoyi nalonso ndi lopapatiza kwa mwana wa mlimi, chifukwa kawirikawiri munthu amayamba ndi kudzipereka miyezi yambiri popanda malipiro enieni. Ndani angakwanitse zimenezo, kupatula amene kwawo sakudikira kuti atumize ya feteleza? Apa ndi pomwe ndikuti mabungwe a ntchitoyi asinthe. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mlendo ndi mame. Ngati mbalame ifuna zaka 58, woisamala woyenera ndi amene adzaikidwe m'manda pachilumba pomwepo. Wingate adapirira chifukwa Bermuda kudali kwawo. Ku Mauritius, chipatso chachikulu cha ntchito ya Jones si akabawi okha, koma eni dziko monga Vikash Tatayah amene adakulira m'ntchitoyi mpaka kuitsogolera. Wophunzira woyamba pa sukulu ya Durrell ku Jersey, Yousoof Mungroo, adabwerera kwawo n'kudzakhala mkulu woyang'anira malo otetezedwa a dziko lake. Ku New Zealand, fuko la Ngāi Tahu limakhala nawo pa zokambirana zonse zokhudza kākāpō, amene kwa iwo ndi chuma cha makolo. Pulojekiti yomwe yachulukitsa mbalame koma osasiya mwana wa pachilumbapo wodziwa kuzisamala, kwa ine yagwira theka la ntchito.

Mwina aphunzitsi anga akudabwa kuti wophunzira ziyankhulo walowerera bwanji za mbalame. Ine ndikuona kuti ntchito ziwirizi ndi pachibale. Tevfik Esenç atamwalira ku Turkey mu 1992, chiyankhulo cha Ubykh chidapita naye, ngakhale akatswiri adali atamujambula mawu ndi kulemba malamulo a chiyankhulocho kwa zaka zambiri. Matepi amenewo ali ngati nyimbo ya ʻōʻō ija: ndi chikumbutso chamtengo wapatali, koma palibe wovomera. Akatswiri a mbalame adaphunzira kuti kuwerenga ndi kulemba malipoti sikupulumutsa mtundu. Umapulumuka ana akamaswedwa ndi kuphunzira nyimbo kwa akuluakulu awo. Amaori adazindikira zomwezo pa chiyankhulo chawo, ndipo mu 1982 adayambitsa sukulu za mkaka momwe agogo amayankhula ndi tiana m'Chimaori chokhachokha. Dzina lomwe adazipatsa ndi kōhanga reo, kutanthauza chisa cha chiyankhulo. A ku Hawaii adatengera nzeruyi n'kutcha zawo Pūnana Leo, chisa cha mawu. Ndipo mbalame ya ku Maui ija itatulukiridwa mu 1973 idalibe dzina, mpaka mayi Mary Kawena Pukui, katswiri wa chiyankhulo cha Chihawaii, adaitcha poʻouli potengera kuda kwa kumutu kwake. Mbalameyo idapita, dzina lidatsala. Kwina zimatembenuka: mbalame ilipo, koma dzina lake la makolo ndi mikuluwiko yake zapita ndi nkhalamba. Ife a ziyankhulo tikamaseka wowerenga mbalame, tikuseka munthu amene akumenya nkhondo yathu yomwe.

Mnzanga uja ndidamufunsa tsiku lina kuti, poti dziko lathu lilibe nyanja yamchere, zilumba zakezo akazipeza kuti. Adanditengera pa mapu n'kundiloza mapiri a Mulanje, Zomba ndi Thyolo. Adati nkhalango ya pamwamba pa phiri, yozunguliridwa ndi minda ya tiyi ndi chimanga, kwa mbalame yosatha kukhala pamtetete ndi chilumba ndithu. Pali mbalame ya m'nkhalango yomwe m'mabuku a sayansi imadziwika ndi dzina la Thyolo, yopezeka m'mapiri ochepa a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Namuli ndi Mabu. Ili pa mndandanda wa zomwe zili pangozi, ndipo nkhalango yambiri ya m'phiri lomwe lidaipatsa dzina idadulidwa kale. Amene adadulawo si anthu oipa. Ndi anthu osowa malo olima, ofanana ndi abale anga. N'chifukwa chake wodzagwira ntchitoyi kuno adzafunika kudziwa zambiri kuposa mazira ndi misampha. Adzafunika kudziwa kukhala pansi pabwalo la mfumu, kumva madandaulo a anthu, ndi kuyankhula nawo m'chiyankhulo chawo.

Pomaliza, pempho langa likupita mbali zitatu. Kwa opereka ndalama, lekani kuyeza ntchito ya zaka makumi asanu ndi muyeso wa zaka zitatu, ndipo lipirani achinyamata oyamba kumene kuti nawonso ana a osauka alowe. Kwa aphunzitsi athu, gumulani mpanda womwe uli pakati pa nthambi ya zamoyo ndi ya ziyankhulo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kwa ophunzira anzanga, tisanaseke munthu chifukwa ntchito yake ilibe ofesi, tiyambe tafunsa chomwe chidzatsale iye akadzapuma. Jones atha kuloza mitundu ya mbalame yomwe ikuuluka lero chifukwa adakana kutseka pulojekiti. Merton adamwalira mu 2011 timbalame take tikuimba ku Chatham. Si ambiri a ife amene tidzakhale ndi choloza chotere.

Tchuthi chikubwerachi ine ndi mnzanga uja tagwirizana zopita ku Thyolo. Iye atenga zoonera patali ndi kope lake lowerengera mbalame, ine nditenga chojambulira mawu kuti ndikafunse agogo a kumeneko mayina a mbalame za m'nkhalango, nthano zake ndi nyimbo zomwe ankaimba pozitchera. Chomwe chatsala ndi kukawafotokozera amalume anga, amene amandilipirira fizi ndipo adandikonzera kale ganyu pa sitolo yawo, kuti mphwawo wa legeni uja akupita kuphiri kukafunsa mayina a mbalame. Ndikudziwa kuti akaseka monga ndidasekera ine pakhonde paja. Ndikawalola aseke kaye, kenaka ndikawauza nkhani ya mbalame zinayi.